Zaka Ziwiri za Seung-jae

Agogo a Bok-rye a mumzinda wa Busan anapsa mtima atamva kuti sitima yapamadzi yoyendetsa alendo yakana kamdzukulu kawo, Seung-jae, ati sikanakwanitse chaka.

"Akunama. Ali ndi zaka ziwiri ameneyu," anauza mpongozi wawo, Hye-ran. "Pa mwambo wathu wowerengera zaka, anabadwa ali ndi chimodzi, Chaka Chatsopano chamuwonjezera china."

"Amayi, iwowo amawerenga kuyambira tsiku lobadwa. Ali ndi miyezi inayi basi."

Agogowo ankafuna kuti iwo maso asanachite khungu, kamwanako kaone nyanja imene malemu amuna awo ankawedzamo. Anakayang'ana kali phee, kakuyamwa chala.

"Chabwino, tidikira. Koma iwe kula msanga, wamva? Agogo ako aamuna akandiitana, ndiwauza kuti adikirenso, ndili ndi ulendo."