Khadi la Mlamu Litatentha

Galimoto yofiira inkathamanga pa sikirini, koma mlamu sankakhazikika. Ankapita pakhomo, kusuzumira kumsewu, n'kubwerera kudzaima kumbuyo kwa mayi wokonza makompyutayo, mpweya wake ukumuomba m'khosi.

Mlamuyo, mng'ono wa mwamuna wa mayiyo, anali atabweretsa khadi la zithunzi, chipangizo chimene chimayendetsa magemu pa kompyuta. Analigula kwa munthu wina pamsika, ndipo wogula anali atamupeza kale: mphunzitsi amene ankafuna kusangalatsa mwana wake wokhoza mayeso. Koma mphunzitsiyo ananenetsa kuti satenga khadilo mayiyo asanaliyese.

Poyamba zonse zinayenda bwino. Gemu itapitirira, fani yoziziritsa khadilo inayamba kulira ngati chigayo, galimoto ija n'kumatsimphina, ndipo timadontho tobiriwira tinadzaza msewu wonse. Mayiyo anathimitsa, anapukuta fumbi, n'kuyesanso. Zomwezo. Anaika gemu ya mpira. Osewera anauma pakati pa bwalo, mwendo uli m'mwamba.

"Alamu, mungomuonetsa poyambirira pokha," anatero mlamuyo monong'ona. "Likazizira limathamanga ngati latsopano. Kwinako akaonera konko."

Mayiyo anamufunsa kuti mwanayo akadzalira, bambo ake adzagogoda pakhomo la ndani. Mlamuyo anayankha kuti watopa kukhala m'nyumba mwa mkulu wake ngati mpando, kudya osabweretsa kanthu, ndipo iyi inali geni yake yoyamba. Zinali zoona, ndipo ndi mayiyo yemwe ankamulimbikitsa kuti ayambe kenakake.

Mphunzitsi analowa akupukuta thukuta. Mayiyo anayatsa gemu. Galimoto inanyamuka mwamyaa, mphunzitsi anamwetulira n'kuyamba kupisa m'thumba. Mlamu anatambasula dzanja kuti athimitse.

Mayiyo anakoka mpando.

"Khalani kaye, aphunzitsi. Mpikisano sunathe."

Mlamu anamuyang'ana mayiyo, kenako anatuluka osatseka chitseko. Posakhalitsa fani inayamba kulira, madontho n'kufalikira pa sikirini. Mphunzitsi anaonerera, anathokoza motsitsa mawu, n'kumapita.

Mayiyo anazula khadilo likadali lotentha, n'kulibwezera m'katoni yake. Anakhala pansi, anadzukanso, anasuzumira kumsewu. Mlamu sankaoneka. Ndiye anatenga foni kuti amuuze yekha mwamuna wake, mng'ono wakeyo asanafike kunyumba ndi nkhani yake.