Chongani pa Anti Dainess

Kuno ku Ireland anthu savota pochonga. Amalemba manambala. Amene ukumufuna kwambiri umamulembera 1, wotsatira 2, wina 3, mpaka pomwe watopera. Munthu wako akagwa, voti yako siifa naye, imasamukira kwa amene unamulembera 2. Nditangomva za kavotedwe kameneka ndinakakonda ngati mmene ena amakondera bawo. Ndinali pa chaka chachiwiri cha maphunziro a masamu ku yunivesite, ndipo ndinkatha kukhala Loweruka lonse ndikusuntha mavoti a zisankho zakale papepala, kuona kuti zikanatha bwanji chikhala kuti uje anagwa msanga.

N'chifukwa chake anti Dainess Mwango ananditenga. Iwo ndi a ku Zambia, ndipo tinadziwana kutchalitchi. Anali atakhala ku Clondalkin, dera la mu Dublin, zaka 17 akusamalira okalamba m'nyumba zawo, koma anthu ankawafunsabe kuti abwerera liti kwawo. Pa chisankho cha makhansala aliyense wokhala m'dzikomu amavota ndipo angathe kuima, kaya ndi nzika kaya ayi. Anti anaima paokha, opanda chipani. Ankafuna mpando umodzi mwa mipando isanu ndi iwiri, kuti tsiku lina akakhale m'chipinda chomwe amakambiramo za nyumba za khonsolo, m'malo moima pawindo ndi fomu m'manja.

"Ba Pulofesa," ankandiitana choncho, "iwe gwira manambala. Anthu nigwira neka."

Panali anzawo 11 a kuntchito amene sakanatha kupezeka tsiku lovota. Ankagonera kwa odwala awo, wina ku Kerry, wina ku Mayo, milungu itatu osabwera ku Dublin. Mmodzi mwa iwo anali Womba, mng'ono wawo wa anti. Ndine ndinapeza kuti munthu wotere angathe kuvota pa positi. Ndinawadzazira mafomu, ndinalondola makalata a mabwana awo, onse analowa m'kaundula nthawi isanathe. Ndinanyada kwambiri. Kenako ndinalemba masamba anayi ofotokoza mmene voti imayendera, ojambula ndi mivi yomwe.

Anti anayang'ana tsamba loyamba, n'kundibwezera.

"Aba anthu ali na break ya ten minutes. Uganiza azaimaliza pa thesis yako? Kamba pa foni, one minute chabe. Mu chinyanja."

Ndinajambula mawu kasanu kuti akwane mphindi imodzi. Omaliza anali awa: "Moni nonse, ndine Lawson. Envulopu ikafika, pitani nayo kupolisi ndi chiphaso chanu kuti akuchitireni umboni. Papepalapo yambani kuchonga pa anti Dainess Mwango. Mukatero chongani pa wachiwiri amene mukumukonda, kenako wachitatu. Atatu akwana. Matani envulopuyo, mutumize lisanafike Lachiwiri."

Kwathu munthu akati wachonga ndiye kuti wavota. M'mutu mwanga munali 1, 2, 3. Pakamwa panatuluka mawu amene ndinakula nawo.

Kuvota kunali Lachisanu, kuwerenga kunayamba Loweruka mmawa m'holo yaikulu yonunkha khofi ndi majekete onyowa. Owerenga amakhala mkati mwa mpanda wachitsulo, ife oimira opikisana timatsamira kunja ndi mapepala athu. Bokosi lililonse akalitsegula, amafunyulula mavoti moyang'anitsa kumwamba, ndipo ife timalemba msangamsanga amene walandira 1. Ndinali ndi a Kebby, amuna awo a anti, oyendetsa basi, amene ankawerenga mokweza ngakhale ndinawapempha kawiri kuti aleke.

Bokosi la mavoti a pa positi analitsegula chakumasana. Ndinadzipanikiza kutsogolo chifukwa ndinkadziwa kuti mmenemo muli 11 athu, okhawo pa chisankho chonse amene ndikanatha kulumbirira.

Pepala loyamba la anthu athu linatuluka. Pa dzina la anti panali pochongedwa bwino, ndi dzanja losamala. Mmunsi mwake panali pochongedwanso, ndi penanso. Mayi wowerengayo analiyang'ana pang'ono, n'kuliika m'kathireyi kapambali.

"Ah, uyu chitsiru ni ndani?" anatero a Kebby.

Linatuluka pepala lachiwiri, chimodzimodzi. Pepala lachitatu linali la inki yobiriwira. Pofika pa pepala lachisanu ndinali nditasiya kulemba. Ndinkangomva mawu anga omwe m'khutu, aulemu, omveka bwino, okwana mphindi imodzi.

Analipo 9. Awiri okha mwa anthu athu ndi amene anawerenga malangizo achingerezi pamwamba pa pepala m'malo mokhulupirira mnyamata wa ku yunivesite.

Madzulo ake mkulu woyang'anira chisankho anatiitana kuti tione mavoti okayikitsa. Anali munthu wofatsa. Anati munthu akachonga pamodzi pokha amamulandira, chifukwa zikuoneka amene akumufuna. Koma akachonga patatu mofanana, palibe angadziwe woyamba ndani. Ndinayesa kunena kuti pa anti pachongedwa mokulirapo. Anandiyang'ana mwachifundo, n'kudinda pepalalo kuti lakanidwa. Anadinda kasanu n'kanayi, ndipo sindinathe kumutsutsa ngakhale kamodzi. Lamulo lake linali lomwe lija ndinalilemba pa tsamba lachitatu la masamba anga anayi.

"Anthu athu aba," a Kebby ankadandaula tikubwerera kumpanda. "Pepa yalembewa mu chizungu, big letters. Twenty years mu Ireland, kuwerenga one, two, three chabe? Nizamutumila Womba, amvele."

"Musawaimbire kaye, ankolo," ndinatero. "Mwina sizikhala ndi kanthu."

Ndipo ndinapempheradi kuti zisakhale ndi kanthu. Ndinapempha Mulungu kuti anti apambane ndi mavoti mazana. Nditaona kuti zimenezo sizitheka, ndinayamba kupempha kuti agonje ndi mavoti mazana. Ndikunena izi chifukwa ndi zoona. Ndinaima pambali pa mayi amene anandipatsa jekete langa loyamba la m'nyengo yozizira, ndikufunitsitsa kuti agwe kutali.

Sanagwe kutali. Lamulungu lonse anakwera pang'onopang'ono. Wina akachotsedwa, anti ankatolako 40, kwina 15, kwina 62 kuchokera kwa mayi wina wa chipani cha zachilengedwe amene ankagawana naye ambulera imodzi pogogoda m'makomo. Mipando isanu ndi umodzi inadzaza. Wotsala umodzi unali pakati pa anti ndi bambo wina wogulitsa matayala. Anthu a kutchalitchi anafika atavala zakutchalitchi, ena ndi ana amene ankafunsa m'Chingerezi ngati anti apambana kale kuti azipita.

Lolemba chakumasana anawerenga komaliza. Bambo wa matayala anaposa anti ndi mavoti 7.

Anzake anamunyamula paphewa. Ine sindinafunike pepala. 9 kuchotsa 7. Ndinayesabe njira zonse, kusintha chiwerengero chofunika kuti munthu apambane, kusuntha zotsala za opambana, kubwereza kawiri. Njira iliyonse inkathera pa mpando wa anti.

Anti anapempha kuti awerengenso. Anawerenganso, kusiyana kunakhala 7 yemweyo. Anti anapita kukagwira chanza bambo uja, anamwetulira pojambulitsa, kenako anatuluka kukakhala pakakhoma ka pamalo oimika magalimoto, atavula nsapato imodzi. A Kebby anali patali, foni kukhutu, dzanja likubaya mpweya. Ndinamva dzina la Womba.

Ndinakaima patsogolo pawo.

"Anti, a Womba sanalakwe. Auzeni ankolo asiye. Ndine ndinati chongani. Pa uthenga uja. Ndinati chongani katatu."

Sanadzutse mutu. Ankasisita chala chaphazi.

"Niziba."

"Mukudziwa?"

"Kuchokela pa Saturday. Pamene Kebby ananiuza ati three ticks, ninayenda mu toilet, namvela message yako futi." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Unanitumila ine first, wakumbuka? Ninamvela kawiri. Ninakuyankha ati chani?"

Ndinakumbuka. Anayankha kuti, yabwino mwana wanga, tumiza.

"Seventeen years nivota muno," anatero. "Nilemba one, two, three na kwanja kwanga. Koma pamene unakamba chonga, ninamvela chabe vota. Sininamvele vina."

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinali nditakonzeka. Izi zinali zoipa kuposa kukalipiridwa. Panalibe woti n'kumupepesa mokwanira, panalibenso wondikhululukira.

"Ndiye tiwauze anthu," ndinatero.

"Tiwauze chani? Ati Pulofesa na candidate bonse sibaziba kukamba?" Anavala nsapato ija. "Womba azalila, azaleka. Kebby nizakamba naye ku nyumba. Iwe khala zii. Aba anthu nine bayenda ku police station pa off day yawo, ena two buses. Ufuna niwauze ati banayendela mahala chifukwa cha ise? Next time sibazavota."

"Next time ndi liti, anti?"

"Five years." Anandiyang'ana koyamba. "Iwe uzankhala unabwelela ku Zomba na degree yako. Ine nizankhala na sixty-one."

M'holo muja munali kuimba. A Kebby anali atatsitsa foni, akubwera, nkhope ili gwaa, okhutira kuti wolakwa wamva mawu. Anti anaimirira n'kukonza chitenje cha paphewa chomwe anasoketsa kuti adzavale polandira mpando.

"Uli na class mailo?"

"Ayi, mawa ndilibe."

"Bwela na ladder ya ku church, eight o'clock. Ma poster yafunika kuchoka pa ma pole before Friday, ni lamulo. Yali three hundred. Ine nili pa shift, so uzachosa weka."