Jekete la Bambo

Tinalakwitsa kuwaveka bambo jekete lija. Asilikali anati abwera kudzawatenga kuti akawalemekeze pamwambo wa ankhondo akale, ndiye mlongo wanga anaumirira kuti avale jekete lawo lausilikali, la mamendulo. Ine ndinakana, koma ndani amandimvera pakhomo pano?

Masiku ano bambo mutu sukugwira. Amaiwala kuti adya, nthawi zina ngakhale dzina langa lomwe. Koma nditangomanga batani lomaliza, anandigwira mkono mwamphamvu. Manja awo anali ozizira.

"Atiitananso?" ananong'ona.

"Ayi bambo, nkhondo inatha kalekale. Akufuna kukuthokozani basi."

Sanandimve. Maso awo anali pachitseko, mamendulo akugundana pachifuwa chifukwa cha kunjenjemera. Galimoto itaima panja, nsapato zolemera zinayamba kumveka pamasitepe. Ndinaopa kuti mtima wawo uima pompo, tiwapha ndi ulemu wathuwo.

Analowa msilikali wachinyamata, akumwetulira, maluwa ali m'manja. Bambo, amene popanda ndodo safika ndi kubafa komwe, anadzuka okha pampando. Anandikankhira kumbuyo kwawo, ine munthu wa imvi, wa zidzukulu zanga. Kenako anawongoka, n'kukweza dzanja pachipumi, thukuta likutsikira m'kolala.

"Bwana, ndipita ine," anatero. "Kumeneko ndikukudziwa. Koma mwanayu musiyeni, sanakule."