Dzanja Loyambitsa Gudumu

"Ababa, kodi chimasoka malaya n'chiyani, manja kapena mapazi?"

Tiyese anafunsa funsoli ali kamtsikana, atakhala pansi pa makina osokera a bambo ake pakhonde ku Kawale. A Stephano anaseka, nati manja amangoperekeza nsalu, ntchito yeniyeni ili kumapazi. Tiyeseyo tsopano ali pabanja pake ku Mzuzu, koma amayi ake, a Ennie, analikumbukira funsolo tsiku lina akusambitsa mapazi a amuna awo m'beseni.

Sitiroko inawagwira a Stephano mvula itangoyamba. Anatuluka m'chipatala lilime litalemera, dzanja lamanja litafa, lamanzere likunjenjemera moti cholembera chinkangokanda pepala. Mutu nawo unkagwedezeka wokha, kotero kuti aliyense wowafunsa kanthu ankadzitengera yankho limene mtima wake wafuna. Koma m'beseni muja phazi lamanzere linawaponda a Ennie pachala, ndipo linawaponda mwamphamvu ndithu.

A Josiah, akulu awo a a Stephano, anali atanena kale zakumudzi. "Mlamu, munthuyu sakuzindikiranso kanthu. Timutenge ku Ntcheu, alongo ake azikamusamala pakati pa abale." Sanali munthu woipa a Josiah. Ankalankhula misozi ili lengelenge. Koma a Ennie kwawo kunali ku Dedza, ndipo kumudzi kwa amuna awo akanakhala mlendo wa masiku ochepa, kenaka n'kubwerera okha ku benchi lawo la tomato. Ankadziwa kuti bambowo akapita ndiye kuti banja lathera pomwepo onse akadali ndi moyo. Ndipo mwiniwakeyo panalibe amene anali atamva mawu ake.

Nkhani ya phazi a Ennie anakaiuza a Lucious, aneba awo a kuseri kwa mpanda, amene ankakonza mafoni ndi mawailesi ku Mchesi. A Lucious anakanda mutu. Anati anaonapo pafoni anthu akunja akuyesera kuyendetsa kompyuta ndi maso, ena ndi mpweya wam'kamwa.

"Zamasozo sindingathe, Amayi a Tiyese. Koma ngati ndi phazi, makina aja mukadali nawo?"

Makinawo analipo, atafunditsidwa chitenje pakona. A Lucious anamata maginito pagudumu lalikulu lam'munsi, nang'amba mausi yakale ya kompyuta, natulutsamo zam'kati, nalumikiza mawaya mpaka ku laputopu yosweka pakona imene mwini wake anaisiya kalekale. Pasikirini panaoneka zilembo zikuluzikulu. Gudumu likamazungulira, kuwala kunkayenda kuchoka pa chilembo china kupita pa china. Likaima, chilembo chowalacho chinkalembedwa pamwamba. Chinthucho chinali chomangamanga ndi mphira, ndipo wochipangayo sanalonjeze kanthu. Anangochiyesa yekha, akutembenuza gudumu lam'munsi ndi dzanja, mpaka dzina lake linatuluka.

Anachimaliza m'mawa wa tsiku lomwe a Josiah anafika ndi galimoto. Dalaivala anatsala kunja akudya chimanga chootcha. A Ennie anapempha alamu awo kuti adikire pang'ono, ndipo onse atatu anawanyamula a Stephano n'kuwakhazika pampando wawo wakale, mapazi pa chopondera.

"Abambo, ingopondani monga kale," anatero a Lucious. "Mukafika pa chilembo chimene mukufuna, muime."

Mapazi aja sanasunthe.

A Lucious anabwerezanso, akuloza pasikirini. Kenaka anagwada, nakankha chopondera ndi dzanja lawo kuti awasonyeze. Makina anabwerera m'mbuyo, kuti gu! A Stephano anabuula, nkhope itakwinyika mbali imodzi.

"Mukumuzunza m'bale wanga," anatero a Josiah motsitsa mawu, akuyang'ana a Lucious. "Akulu, ntchito mwaigwira, tathokoza, koma munthu si wailesi yoti mulumikize waya ayambe kulankhula."

A Lucious anangoyang'ana mawaya awo, akupukuta manja pabuluku.

A Ennie anayamba kukayika. Mwina alamuwo ankanena zoona. Mwina kuponda kwa m'beseni kuja kunali kugwedezeka chabe kwa mnofu, iwo n'kumangapo nyumba. Anazungulira kudzanja lamanja kuti awanyamule amuna awo, ndipo ali pomwepo anaona kumene maso awo ankayang'ana. Sanali pasikirini ayi. Anali pa kagudumu kakang'ono ka pamutu pa makina, kenaka ankatsikira pa dzanja lakufa lija, n'kubwereranso pa kagudumu.

Zaka zonse za ukwati wawo anakhala akuziona, koma sanaziganizirepo. Telala sayamba ndi phazi. Amayamba wakoka kagudumu kam'mwamba ndi chikhatho kuloza kwa iye, makina akatenga njira ndiye phazi limalandira. Kungoponda osayambitsa, makina amabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Munthu amene wasoka moyo wake wonse sangachite zimenezo ngakhale atamukakamiza.

A Ennie anaika chikhatho pa kagudumu kaja, nakoka.

Phazi linalandira. Lamanzere linkatsogolera, lamanja likungotsatira, ndipo phokoso limene linasowa m'nyumbamo chiyambire cha mvula linadzaza mpaka kukhonde. Kuwala kunathamanga pasikirini, kunapitirira, kunazungulira kawiri. Kenaka phazi linachepetsa liwiro ngati likufika pakona ya kolala, n'kuima pa M.

Anakokanso a Ennie. A. Chilembo chilichonse chinkafuna dzanja lawo. Pena a Stephano ankapitirira ndi kubuula, a Lucious n'kufufuta. Thukuta linawatsika m'khosi, koma mawu anatuluka: MAFUTA.

"Mafuta?" A Josiah anayang'ana mlamu wawo. "Akufuna kudzola?"

A Lucious anapendeketsa khutu, nagwedeza chopondera pang'ono. Chinalira kuti kwii. Anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi.

"Akutikalipira! Akuti makina awo tawaumitsa, sitinathire mafuta! Pepani bwana telala, tachimwa!"

A Ennie anawayang'ana amuna awo kumaso. Munthu uja analimo. Miyezi yonseyi analimo, akumva zonse zimene ankakambirana pamutu pake.

A Josiah anavula chipewa, nagwada pambali pa mpando. Anafunsa okha, ndipo a Ennie anawalemekeza chifukwa cha chimenecho.

"Stephano, mng'ono wanga, galimoto ili panja. Ndikutenge kwathu, kapena utsale? Unene wekha, ine sindikangana nawe."

Apa dzanja la a Ennie linazengereza. Amuna awo akanatha kusankha kupita. Akanatha kukhala atatopa ndi kusambitsidwa ndi mkazi mmodzi yemweyo, m'chipinda chotentha cha malata. Yankho lililonse likanadutsa pachikhatho chawo chomwecho. Anapuma, nakoka gudumu monga momwe anakokera poyamba, osawonjezera kapena kuchepetsa.

Zinatenga nthawi. Dalaivala anafika pakhomo, nasuzumira, nabwerera. Pamapeto pake pasikirini panalembedwa kuti PANO, ndipo phazi linatsika pa chopondera n'kukhala pasimenti.

A Josiah anapukuta kumaso ndi chipewa. "Makani ako ndi omwe aja," anatero. "Chabwino, ndamva. Kumudzi ndikanena kuti ndamva kwa mwiniwake." Anatembenukira kwa a Ennie. "Mlamu, mundikhululukire. Ndinamuyesa wapita."

"Nanenso ndinatsala pang'ono, alamu."

Masana galimoto itachoka, a Ennie anawapeza a Lucious pampanda akukulunga mawaya otsala.

"Pakufunika kamota kakang'ono koti kaziyambitsa gudumu lija," anatero a Lucious. "Azingokagunda ndi chidendene. Koma kuti ndikapeze koyenera, sindikudziwa kuti ndi liti."

"Vuto ndi lam'mawa," anatero a Ennie. "Ine ndimalawirira kukapikula tomato. Ndiye kuti azikhala opanda pakamwa mpaka ndibwere?"

A Lucious anayang'ana njinga yawo itatsamira pakhoma.

"Ku Mchesi sindithamangirako, mafoni sathawa. Mukamachoka muzingogogoda pampandapa. Ndizibwera kudzawakokera gudumu, anene zimene akufuna, ndiye ndizipita."

"Tsiku lililonse, aneba? Paja bambowa akayamba kudandaula samaliza."

"Tsiku lililonse, Amayi a Tiyese, mpaka kamotako kapezeke. Ndalonjeza."