Dzina la pa Chubu

Anamulemba ntchito yotsuka mabotolo, n'chifukwa chake mu labu monse ankamuitana kuti Namabotolo. Zaka zisanu zinatha dzina lake lenileni osamveka m'chipinda chimenecho. Koma wotsuka ndi amene amaona zotsalira pansi pa botolo, ndipo iye anaziona zonse: zolimba ngati phula, zamadzimadzi, zonunkha. A Dokotala, mkulu wa labu, dokotala wa mabuku osati wa odwala, ankafuna kupanga jelo wotereretsa timapaipi ta m'chipatala. Wa madzi, chifukwa wa mafuta amadya labala ya timapaipito. Zaka ziwiri jelo akukana.

Namabotolo anali ndi chifukwa chakechake. Bambo ake mkodzo unawatsekeka, ndipo mwezi uliwonse anamwino ankabwera kunyumba kudzasintha kapaipi. Jelo wochokera kunja akasowa, kapaipi kankalowa ndi madzi okha. Munthu wamkulu ankaluma pilo kuti mwana wake asamve. Mwanayo ankamva.

Anayamba kuwerenga mabuku a mu labu anzake akapita kukadya, mawu ovuta akufunsa foni. Ankayesa m'timabotolo pakona ya sinki, akulemba zonse m'kope. Vuto linali ufa woyera wolimbitsa madzi kuti akhale jelo. Ukauthira ndi supuni unkachita mibulu, kunja konyowa mkati mouma, ndipo makina akautakasa mwamphamvu unkadzaza thovu. Tsiku lina anabwera ndi kasefa ka tiyi ka kunyumba. Anasefera ufa pamadzi ozizira, akugogoda m'mbali ndi chala, n'kuusiya ugone mpaka mawa osaukhudza. Kenako gilisalini. Botolo la nambala 41 linatuluka mbee ngati galasi.

A Dokotala anapaka jeloyo pakati pa zala ziwiri, n'kumukoka, n'kumununkhiza.

"Ndiye njira yanga ija yatheka eti?"

"Njira yanu iti, bwana?"

"Ufa wanga, madzi anga, sinki yanga. Bweretsani kope lanulo ndikakonze chizungu."

Kope silinabwerere. Jelo anapita kokayezedwa miyezi isanu ndi itatu, n'kupambana. Chinatsala n'chakuti oyendera abwere kudzaona kapangidwe kake asanapereke chilolezo. Namabotolo akupukuta tebulo la a Dokotala anaona fomu. Pamzere wa wopanga panali dzina limodzi, ndi zilembo za madigiri zitandondozana kumbuyo kwake ngati anapiye.

Kutatsala masiku awiri, a Dokotala anayendera labu yonse akutola zosayenera. Anakapeza kasefa kali pamsomali.

"Alendo adzati tikuphika chiyani muno? Ino si khitchini ya amayi anu."

Anakaponya m'bini. Namabotolo anangoyang'ana. M'kope muja za kasefa sanalembemo, ankachita manyazi. Analemba chabe kuti "thirani ufa pang'onopang'ono."

M'mawa mwake a Dokotala anavala magolovesi kuti apange okha, manja azolowere alendo asanafike. Anathira pang'onopang'ono, ndi supuni. Mibulu. Anayesanso ndi supuni yaing'ono. Mibulu. Kachitatu anakweza makina mpaka jelo anachita thovu ngati sopo wochapira. Namabotolo ankalandira botolo lililonse n'kulitsuka bwinobwino, akuimba kanyimbo chapansipansi.

Cha m'ma thuu koloko a Dokotala anamuitana. Tayi anali atamasula.

"Achemwali, pali chimene simunalembe."

"Lero ndine chemwali? Dzulo ndinali wa kukhitchini."

"Tiyeni tisiye zachibwana. Mumathira bwanji ufa?"

"Njira ndi yanu, bwana. Ufa wanu, madzi anu, sinki yanu. Afunseni akuuzeni."

"Mukufuna chiyani?"

"Dzina langa pafomu. Pansi pa lanu, ngakhale tizilembo tonga nyerere. Ndikhale munthu kamodzi."

A Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Fomu imafuna munthu wa mapepala. Ndikalembapo wotsuka mabotolo, aibweza."

"Munafunsa?"

"Sindifunsa zimene ndikudziwa kale. Mawa tikalephera, mwayi wina ndi chaka chamawa. Ine ndidikira, sindikumva kuwawa paliponse." Anavalanso magalasi. "Kodi bambo anu akupeza bwanji masiku ano?"

Namabotolo anawayang'ana pamphumi. M'manja munali botolo lagalasi, ndipo anaona bwinobwino pamene likanagwera, pakati pa magalasi awiriwo. Kenako anawerenga m'mutu. Chaka ndi miyezi khumi ndi iwiri. Kusintha kapaipi kakhumi ndi kawiri. Pilo uja wang'ambika kale pakona.

Anaika botolo pansi. Anapita kubini, n'kupisa dzanja pakati pa magolovesi akutha ndi mapepala onyowa mpaka anakhudza kasefa kaja. Anakatsuka, anakawiritsa, n'kuyamba kusefa. A Dokotala anaima pambali ndi cholembera, akuwerenga kuti chala chikugogoda kangati.

"Kasefa ka tiyi," anatero akupukusa mutu. "Tilemba kuti sefa yachitsulo ya maso ang'onoang'ono. Mawa mudzavale yunifolomu yochapa, ndipo alendo akalowa mudzakhale kusinki."

Chilolezo chinatuluka. Patapita miyezi inayi, anamwino anafika kunyumba ndi chubu chatsopano cha jelo m'chikwama. Namabotolo anachizindikira ali pakhomo. Anagwira beseni monga mwa masiku onse, maso ali pa pilo. Bambo ake anaugwira, anaufinya pang'ono, koma sanaulume. Zitatha anapuma kwambiri, n'kuseka.

"A nesi, mankhwala amenewa anapanga ndi mwana wangayu. Uyu waimayu. Ndi kasefa kanga ka tiyi."

Anamwino anatembenuza chubu, n'kuwerenga kumbuyo mpaka pansi. Anamwetulira, akuwakonzera bulangete.

"Inde agogo. Anapanga ndithu."

Potuluka anamukokera Namabotolo pakhonde, n'kutsitsa mawu.

"Zosokonekera mutuzi ayamba liti? Muziwamwetsa madzi ambiri. Zikapitirira mubwere nawo, akawaone adokotala."

Namabotolo anatsegula pakamwa. M'chipinda bambo ake anali akusekabe okhaokha. Anatseka pakamwa, n'kupita kumpopi kukatsuka beseni.