Magazi pa Yunifomu ya Tiyese

Mabel anali kuunjika tomato pa benchi lake ku Mtsiliza pamene mayi wogulitsa makala anafika akupuma wefuwefu. Anati kusukulu kwabwera anthu ovala malaya ofiira, ndipo atsekera ana a Sitandade 2 m'kalasi. Mwana wina wasuzumira pawindo, waona magazi. Kenaka mayiyo anatsitsa mawu.

"Amake Tiyese, ndi anamapopa. Magaziwo ali pa mwana wanu."

Mabel ankadziwa za malaya ofiirawo. Lachinayi lililonse Tiyese ankabwera kunyumba akusimba za Anti Dyna a ku kampani ya inshuwaransi, amene ankakhala pansi pamodzi ndi ana n'kumawerenga nawo mabuku a zithunzi. Koma pa nthawiyi zonsezo zinamuthawa m'mutu. Chimene chinatsala n'chakuti munthu wa mu ofesi sangasiye mpando wake kudzakhala pa fumbi popanda chimene akufuna. Anasiya tomato pomwepo, nathamanga akulira, akuuza aliyense panjira kuti mwana wake akumupopa magazi.

Anthu anamutsatira. Akabaza anasiya njinga, amayi apamjigo anasiya ndowa, anyamata ena ankatola miyala akuthamanga.

Mabel ndiye anayamba kufika. Anakankha chitseko ndi phewa, chinangotseguka, pakuti anangochitseka chifukwa cha fumbi. M'katimo munalibe gulu la anthu a malaya ofiira. Munali ana, mphunzitsi wawo Abambo Gwanda, ndi mayi mmodzi wowonda wa malaya ofiira, Anti Dyna, atakhala pasimenti, Tiyese ali pamiyendo pake, atamutsina mphuno ndi kansalu. Magazi anali pa yunifomu, pamanja a mayiyo, ndi pa tsamba la buku.

Kanali kamfuno chabe. Tiyese anayamba kutuluka kamfuno ali wakhanda, ndipo dzuwa la Okutobala likangowomba ankatero.

"Amayi, musandikalipire," anatero Tiyese. "Ndadetsa buku la Anti."

Mabel asanayankhe, mwala unagwa padenga la malata. Ana anakuwa, nabisala kuseri kwa anzawo. Abambo Gwanda anatuluka kukalankhula ndi anthu, koma mawu awo anamira m'phokoso. Panja wina ankafunsa amene ali ndi petulo.

Dyna sanalire. Anangoyang'ana manja ake ofiira aja, nafunsa motsitsa ngati kalasiyo ili ndi khomo lina. Inalibe. Galimoto ya kuntchito inali itamusiya n'kupitiriza ndi anzake ku sukulu ina.

Mabel anacheukira kukhomo. Anthu amenewo anabwera ndi kulira kwake. Anamasula chitenje chake chapamwamba, napukuta nacho manja a Dyna, namufunditsa mpaka malaya ofiira aja anabisika. Kenaka ananyamula Tiyese nakaima pakhomo.

"Ndine ndakuitanani, ndipo ndine ndikukubwezani," anatero. "Ndi kamfuno. Amake Mayankho, si inu munamuthira madzi pamutu mwana yemweyu pamjigo chaka chatha?"

Amake Mayankho anavomera kuti n'zoona, mwanayo amatero. Amayi ena anayamba kuyang'ana pansi. Koma mnyamata wina anakuwa kuti Mabel amupatsa kenakake m'katimo, ndipo mwala wake sanautaye.

Mabel sanakangane naye. Anagwira dzanja la Dyna nanena kuti awa ndi alendo ake, wofuna kuwagenda ayambe wagenda iye ndi mwana ali m'manja. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa anthuwo, osacheuka, akumva mpweya wawo pakhosi. Dzanja la Dyna linali lozizira ngati la munthu wochoka kumtsinje m'mawa. Palibe anagenda.

Atafika pamsewu, minibasi itaima, Tiyese anafunsa ngati Anti adzabwerenso Lachinayi, poti nkhani ya m'bukumo sanaimalize.  Dyna anangomupatsa bukulo, nakwera.

Masiku otsatira Tiyese ankawerengera amake masamba amene ankatha, chala chikuyenda pansi pa mawu, n'kumaima pa tsamba lothimbirira lija pamene mawu ake anali ovuta. Mabel sankatha kumuthandiza.

Lachinayi lotsatira Mabel sanayale tomato. Anakaima pasiteji kuyambira m'mawa, akusuzumira m'minibasi iliyonse ikaima. Ankaopa kuti Dyna sabwera, ankaopanso kuti abwera. Dzuwa litakwera, m'minibasi ina munatsika mayi wowonda uja, mabuku ali kukhwapa, atavala chitenje cha Mabel chochapa bwino. Anayang'ana uku ndi uku asanaponde pansi.

Mabel anamulandira mabukuwo, natsogola.