Gitala ya Lawson Inandidikira

Abale anga a ku Lifuwu, ndi inu a ku Senga Bay amene munkavina nyimbo zake m'malojimo, tamverani. Ndikunena za mwana wanga Lawson, woimba gitala uja, amene tinamuika m'manda chaka chatha mvula itangoyamba. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, ndiye ndilemba mmene ndimayankhulira.

Nyimbo zake ankati ndi jazi. Ine ndinkamuseka kuti jaziyo ndi nyimbo yosochera njira, iye nkumati, "Bambo, siisochera, imangozungulira kukaona anthu." Chimbale chake anajambulira ku Salima boma, mu situdiyo ya mayi wina dzina lake Hajara, kuseri kwa msika. Magitala anatenga atatu. Yamagetsi yofiira ija, ina yabokosi yong'aluka pamimba yomata ndi guluu, ndi kachigitala kachigaloni kamene ndinamukhomera ali mwana, mawaya ake a buleki ya njinga.

Kujambula kwa masiku ano saimba onse pamodzi ayi. Mmodzi amaimba zake nkupita, wina adzaikapo zake tsiku lina. Ndiye nyimbo yomaliza Lawson anaimba ndi kachigaloni kaja, nkusiya mipata. Anamuuza Hajara kuti m'mipatamo mudzalowa bangwe amene ndimaimba ine bambo ake, osati makina. Sabata yomweyo Lawson anadwala mutu masiku atatu, basi, nkutisiya.

Patapita miyezi isanu Hajara anabwera kwathu.

"Agogo, chimbale chaima chifukwa cha inu. Mukakanika ndiikamo kiyibodi, koma mwiniwake anakana."

"Zala zangazi mukuziona? Nyamakazi yazipinda."

"Ndikuziona. Kaya zipinde ngati nkhanu, tiyeni."

Ndinapita Lachiwiri m'mawa, bangwe nditamukulunga m'chitenje. Anandiika m'kachipinda kopanda zenera lakunja, makoma omata masiponji, nkundiveka zomvera m'makutu. Iye anakhala kuseri kwa galasi pa kompyuta.

Choyamba kumva sichinali gitala. Unali mpweya wa Lawson. Kenako mpando kulira, ndi iye kuwerenga chapansipansi, wani, thuu. Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Khoma lokha.

Mpata woyamba unafika, zala sizinayende. Gitala inandipitirira. Tinayambiranso, chimodzimodzi. Kachitatu ndinalowa mochedwa ngati munthu wothamangira minibasi yanyamuka kale. Thukuta linali kamukamu, ndipo ndinayankhula mmene ndinkamuuzira pakhonde kwathu: "Iwe Lawson, ukuthamangira kuti? Tadikira."

Kachinayi mpata unafika, gitala inakhala chete. Ndinawongola chala chimodzi, chinzake, ndinapeza waya, ndinaimba mbali yanga yonse. Nditangomaliza, gitala ija ndiye inalowa, pamalo pake penipeni.

Ndinati, "Zikomo mayi, mwaiimitsa bwino."

Hajara anali atakweza manja onse m'mwamba, kutali ndi kompyuta. Mawu ake analowa m'makutu mwanga. "Wallahi, ndikulumbira agogo, sindinakhudze kanthu. Nyimboyi inali mphindi zinayi. Pano yatalika."

Ndinafunsa, "Ndiye muizimitsa?"

"Ine ndifunse inu. Mwana ndi wanu."

Ndinati isiyeni. Mpata wachiwiri inadikira. Wachitatu inadikira. Zala zinayamba kufewa, ululu unachoka, ndinaimba mmene ndinkaimbira ndili ndi zaka makumi atatu. Kunena zoona ndinakondwa. Ndinaiwala kuti ndinaponya dothi pabokosi lake.

Mipata anasiya inali itatu. Koma wachitatu utatha, gitala inatsegula wina. Ndinayankha. Inatsegulanso wina, kanyimbo kake kotsika, kokoka, ngati munthu wakugwira dzanja pamsewu kuti tiyeni kuno. M'kachipindamo munazizira. Miyendo sindinkaimvanso. Hajara ndinkamuona akumenya galasi ndi chikhatho, pakamwa pakuyenda, koma phokoso lake silinkandifika. Chimene ndinkamva ndi mpweya uja, tsopano osati m'zomvera zija, koma apa paphewa lamanzere.

Ndinadziwa kuti ndikayankha mpata winawo, kwathu sindibwerera. Ndipo mtima wina unkafuna.

Ndinagwira mawaya onse ndi chikhatho kuti atonthole. Ndinati, "Mwana wanga, wandidikira, ndathokoza. Koma apa ndiye polekezera. Amayi ako ndawasiya okha, ndipo mpunga sitinamwete. Tsogola."

Kunali zii nthawi yaitali. Kenako kachigaloni kanalira kamodzi, waya wam'munsi yekha, nkutha.

Hajara anatsegula chitseko akulira, nkundivula zomvera zija yekha. Anandifunsa ngati adule malo achetewo. Ndinakana.

Chimbale chinatuluka, ena muli nacho m'mafoni. Mukafika nyimbo yomaliza mudzamva pena pangokhala chete, ndipo ana amati yaonongeka, nkudumphitsa. Chonde musadumphitse. Khalani naye pamenepo mpaka waya uja ulire, ndipo amene sakumudziwa mumuuze kuti ameneyo anali Lawson wa ku Lifuwu. Ine ndikadzapita, dzinalo lisadzathere pakamwa panga.